KUYAMBIRA PA KALULU KUFIKIRA PA NTHONDO

Kwathu kwa Mkanda, ku Mchinji, anthu adadziwana ndi anthu opeka kalekale, mabuku asanafike. Agogo akati "Padangotero," ana ankayankha kuti "Tili tonse," ndipo mawuwo sadali a mwambo chabe. Womvera ankalowa m'nthanomo, kuimba nawo nyimbo, kumunyoza Fisi, kumuchenjeza Kalulu. Wosimba akapotoza nkhani ankadzudzulidwa pomwepo, pakuti Kalulu adali wa mudzi wonse.

Mabuku a amishoni adasintha ubale umenewu. M'chaka cha 1933 mudatuluka Nthondo, buku la Samuel Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Nthondo ndi mnyamata wakuba ndi wosamva, amene adayendayenda kutali, nabwerera kwawo, natembenuka mtima. Owerenga adagawikana. Kwa aphunzitsi a mpingo, Nthondo adali chitsanzo cha wochimwa wopulumuka. Koma anthu a m'malire ngati ife, amene abale athu ankapita ku Halale ndi ku Joni, tidaona mwa iye malume athu enieni. Tsono mu 1934 T. Cullen Young atalimasulira m'Chingerezi adalitcha Man of Africa. Kwa owerenga a ku London, Nthondo adaleka kukhala munthu mmodzi, nasanduka chithunzi cha Afrika yense.

M'zaka za m'ma 1960 John Gwengwe adatenga nthano ya Sikusinja ndi Gwenembe naiika m'buku. Amene adaimva pamoto ankalira Sikusinja ngati mbale wawo, ndipo kambalame kakayamba kuulula mlandu ankaimba nako. Amene adakumana nayo m'kalasi ankafunsidwa kuti atchule makhalidwe a Gwenembe. Uyu ndiye wowerenga watsopano, wa mayeso, amene amadziwa zonse za munthu wopeka koma osamumvera chisoni kapena kumuda.

Sindikunena kuti kusanthula buku n'kulakwa. Koma mbiriyi ikutiphunzitsa kuti munthu wopeka sakhala papepala pokha; amakhala pakati pa wolemba ndi womvera, ndipo aliyense amamuumba ndi dongo la kwawo. Ife amene tikuphunzira kulemba tidzifunse: kodi anthu amene tikuwapeka angakwiyitse mayi wa kwa Mkanda mpaka kufuna kuwazenga mlandu? Ngati sangatero, ndiye kuti tikusimba nthano popanda wotiyankha kuti "Tili tonse."