Matimu Akuluakulu ndi Kasankhidwe ka Oseŵera a Timu ya Dziko Lathu

Nthaŵi iliyonse imene mphunzitsi wa timu ya mpira wa miyendo ya dziko lino walengeza maina a anyamata oitanidwa kukakonzekera maseŵero, pamabuka mtsutso m'misika, m'mabasi ndi pamabwalo a bawo. Ena amafunsa kuti, kodi imeneyi ndi timu ya Malaŵi, kapena ndi Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers atangosintha malaya? Dandaulo limeneli si la lero ayi. Linayamba kalekale, ndipo kuti tilimvetse bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo ndi kuona mmene mpira unakulira m'dziko muno.

Mpira wa mpikisano unazika mizu yake mumzinda wa Blantyre. Kumeneko ndiko kunali makampani, mafakitale ndi anthu olandira malipiro a pamwezi amene akanatha kulipira pakhomo la bwalo. Timu ya Wanderers inakhazikitsidwa mumzindawu m'chaka cha 1962, ndipo m'chaka cha 1967 oseŵera ena amene anapatuka ku timuyi anayambitsa Bullets. Bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, la Football Association of Malawi, lomwe linakhazikitsidwa mu 1966, nalonso linamanga maziko ake komweko. Bwalo lalikulu la Kamuzu linalinso mumzinda womwewo. Motero akuluakulu a mpira, aphunzitsi, atolankhani ndi oulutsa mawu a wailesi ya MBC onse ankakumana pamalo amodzi Loŵeruka ndi Lamulungu, n'kumaonerera anyamata omwewo sabata ndi sabata.

Tikumbukire kuti m'masiku amenewo kunalibe ligi ya dziko lonse. Matimu ankapikisana m'maligi a m'zigawo, monga ya Blantyre ndi maboma oyandikana nawo ndiponso ya Lilongwe ndi maboma oyandikana nawo. Wailesi ya kanema inalibenso, pakuti inayamba kuulutsa m'dziko muno m'chaka cha 1999. Mphunzitsi wa timu ya dziko ankasankha mnyamata amene wamuona ndi maso ake, kapena amene mbiri yake yamufika m'makutu. Mnyamata wa ku Chitipa kapena ku Nsanje, ngakhale anali waluso chotani, ankaseŵera pa bwalo la fumbi pamene panalibe wolemba dzina lake. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo osankha oseŵera ankatola amene anali pafupi.

Komabe sitingakane kuti matimu akuluakuluŵa anabereka akatswiri enieni. Pamene Malaŵi anatenga chikho cha maiko a kum'maŵa ndi pakati pa Afrika m'chaka cha 1978, atagonjetsa Zambia ndi zigoli 3 kwa 2 m'maseŵero omaliza, mizati ya timuyo inali anthu monga Kinnah Phiri wa Bata Bullets ndi Jack Chamangwana wa Wanderers. Motsogozedwa ndi mphunzitsi wa ku Mangalande, Ted Powell, timuyi inakatetezanso chikhochi ku Kenya m'chaka cha 1979. Kinnah Phiri anamwetsa zigoli 71 m'malaya a dziko lino, ndipo munthu sanganene kuti iyeyu ankasankhidwa chifukwa cha dzina la timu yake. Palinso mfundo ina imene aphunzitsi akhala akuitchula: anyamata oseŵera pamodzi tsiku ndi tsiku amadziŵana mayendedwe, ndipo timu ya dziko imakumana masiku oŵerengeka chabe isanaloŵe m'bwalo.

Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, mpira nawo unayamba kusendera pakati. Timu ya Silver Strikers, yothandizidwa ndi banki yaikulu ya dziko lino, inakula n'kukhala mzati wachitatu, ndipo inatipatsa Young Chimodzi, amene anatumikira timu ya dziko zaka zambiri natsogolera anzake monga kaputeni. Koma tiyenera kuona bwino chimene chinachitika apa. Khomo silinatsekukire dziko lonse. M'malo mwa matimu aŵiri a mzinda umodzi, tinakhala ndi matimu atatu a mizinda iŵiri.

Nyengo imene imatiphunzitsa zambiri ndi ya zaka za m'ma 1980. M'zaka zimenezo makampani ndi nthambi za boma zinali ndi matimu amphamvu, amene ankapatsa anyamata ntchito kuti akhazikike. Pamene Malaŵi anapita koyamba ku mpikisano wa chikho cha maiko a mu Afrika ku Ivory Coast m'chaka cha 1984, chimodzi mwa zigoli za maseŵero amene tinalepherana ndi Nigeria 2 kwa 2 chinamwetsedwa ndi Clifton Msiya wa timu ya Berec Power Pack. Ernest Mtawali, amene pambuyo pake anakatchuka ku South Africa nakafika mpaka ku France, anatulukira ku Hardware Stars. Ligi ya dziko lonse itayamba mu 1986, Bullets inatenga chikho chaka choyamba, koma zaka zitatu zotsatira chinapita ku CIVO United, MDC United ndi Admarc Tigers. M'zaka zomwezo dziko lino linapata mendulo ya malo achitatu pa maseŵero a All Africa Games ku Nairobi mu 1987, ndiponso linatenga chikho cha kum'maŵa ndi pakati pa Afrika kachitatu mu 1988. Pamene matimu amphamvu anali ambiri, mphunzitsi anali ndi dengu lalikulu losankhamo, ndipo palibe woseŵera amene ankagona tulo poganiza kuti malo ake ngosatekeseka.

Zinthu zinasintha makampani ambiri atafooka kapena kugulitsidwa. Matimu monga Hardware Stars ndi MDC United anazimirira, ndipo ena anatsala opanda wowathandiza. Ndalama zinaunjikana m'matimu ochepa. Bullets inatenga ligi zaka 7 zotsatizana, kuyambira 1999 mpaka 2005, ndipo mu 2004 inafika m'ndime ya magulu ya mpikisano wa akatswiri a mu Afrika. Mnyamata aliyense woonetsa luso m'timu yaing'ono ankagulidwa msanga ndi timu yaikulu. Apa ndi pamene dandaulo la ochemerera linakula mphamvu, chifukwa ankaona woseŵera akunyalanyazidwa pamene ali kwawo, koma n'kuitanidwa atangovala malaya ofiira kapena a buluu. Iwo ankafunsa kuti, kodi miyendo yake yasintha m'mwezi umodzi? N'zochititsa chidwi kuti m'nyengo imeneyi timu ya dziko inali m'kati mwa zaka 26 zosapondako ku chikho cha maiko a mu Afrika.

Ngakhale zinali choncho, mbiri ili ndi umboni woti luso silisankha mzinda. Esau Kanyenda anachokera ku timu ya Dwasco ya ku minda ya nzimbe ya Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, napita ku Jomo Cosmos ya ku South Africa, kenaka ku Rostov ya ku Russia. Pamene Malaŵi anabwerera ku chikho cha maiko a mu Afrika ku Angola mu 2010, motsogozedwa ndi Kinnah Phiri monga mphunzitsi, anagonjetsa Algeria 3 kwa 0, kubweza chipongwe cha zigoli zomwezo cha mu 1984. Chigoli chachitatu anamwetsa ndi Davi Banda, msilikali wa timu ya Red Lions ya ku Zomba. Panthaŵiyi n'kuti oseŵera ambiri a timuyi akuchokera ku matimu akunja, makamaka a ku South Africa, ndipo dandaulo linapeza nkhope ina: ena anayamba kunena kuti tsopano akukonderedwa ndi oseŵera kunja. M'chaka cha 2016 timu ya asilikali ya Kamuzu Barracks inatenga ligi, kusonyeza kuti matimu atatu aja akhoza kugonjetsedwa.

Nkhani ya Gabadinho Mhango ikumanga pamodzi mbali zonse ziŵiri za mtsutsowu. Iye ndiye anamwetsa zigoli ziŵiri zimene tinagonjetsera Zimbabwe ku Cameroon m'mwezi wa Januwale 2022, pamene Malaŵi anadutsa ndime ya magulu kwa nthaŵi yoyamba. Kwawo ndi ku Chiweta m'boma la Rumphi, koma dziko linamudziŵa ataseŵera mu Bullets. Wochemerera timu yaikulu anganene kuti timu yake ndiyo inamuwumba. Munthu wa ku Rumphi angayankhe kuti lusolo linabadwira kwawo, ndipo angafunse kuti ndi angati ena a luso lotere amene anakalamba osapeza ndalama ya basi yopitira ku Blantyre.

Pomaliza, mbiri ikutionetsa kuti kukondera kumene anthu amadandaula nako kulipo ndithu, koma muzu wake suli mumtima mwa mphunzitsi yekha. Unamera chifukwa chuma, mabwalo ndi maso a osankha zinaunjikana m'mizinda iŵiri. Choncho kutukwana mphunzitsi sikungathetse vutoli, ndiponso kugaŵa malo m'timu ya dziko mongosangalatsa zigawo kungangotigwetsa m'dzenje lina. Chofunika n'chakuti osankha aziyenda mpaka ku Karonga, ku Dedza ndi ku Chikwawa, matimu aang'ono apeze owathandiza, ndipo mipikisano ya m'sukulu ilimbikitsidwe, pakuti m'mera mpoyamba. Malaya a timu ya Malaŵi ndi chuma cha Amalaŵi onse, ndipo mwana aliyense wothamangitsa mpira wachikulunga pabwalo la sukulu ya kumudzi ayenera kudziŵa kuti akalimbikira adzaonedwa ali kwawo komweko.