Waya Wakuda Wovala Zofiira

Mmisiri wa magetsi akamasula switchi ya babu m'nyumba zakale za ku Chinyonga, nthawi zina amapeza mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, ndipo kunsonga kwa wakudayo kuli katepi kofiira kouma gwaa. Anakakulunga ndi mmisiri mnzake zaka makumi angapo zapitazo, pochenjeza munthu amene sadzaonana naye.

Mwambo umenewu unabwera ndi malamulo a magetsi a ku Britain, amenenso anatisiyira mapulagi a mano atatu. Bungwe la Malawi Housing Corporation linakhazikitsidwa mu 1964, ndipo mu 1966 siteshoni ya Nkula A pa mtsinje wa Shire inayamba kupanga mamegawati 24. Nyumba za mu Blantyre zinkachuluka, ntchito ya amisiri n'kukula. Ophunzira ankaloweza mitundu ngati nyimbo ya kusukulu: wofiira ndi wa moto, wakuda ndi nyutulo, wobiriwira ndi efi.

Koma pa switchi nyimboyo imasokonekera. Kebulo yotsika kuchokera kusiling'i imakhala ndi wofiira mmodzi ndi wakuda mmodzi. Wofiira amatsitsa moto, ndipo munthu akayatsa, motowo umabwerera ku babu kudzera mwa wakuda uja. Pamenepo wakudayo si nyutulo ayi, wanyamula mavoti 230. N'chifukwa chake ankamuveka zofiira nsonga zonse ziwiri, ya pakhoma ndi ya kudenga. Mmisiri wosiya zimenezi chifukwa cha changu amatchera mnzake msampha.

Mu 2004 dziko la Britain linasintha mitundu kuti ifanane ndi ya ku Europe, ndipo pofika 2006 yakale inaletsedwa pa ntchito zatsopano. Wa moto anakhala wa bulawuni, nyutulo wa buluu. Koma ku South Africa, kumene katundu wathu wambiri amachokera, wofiira ndi wakuda akadalipobe. Mwini nyumba ku Chinyonga akawonjezera chipinda kapena kumanga boyizikota, mibadwo iwiriyi imatha kukumana m'bokosi limodzi. Pa magetsi a mafezi atatu zimaopsa kwambiri, chifukwa buluu amene kale anali wa moto tsopano ndi nyutulo, pamene wakuda wasanduka wa moto.

Palinso cholakwika chomvetsa chisoni, choyika switchi pa nyutulo. Babu limazima bwinobwino, koma holoda imatsala ndi moto, kudikira mwana amene adzakwere pampando kuti asinthe babu lopserera.

Masiku ano ziphaso za amisiri amapereka ndi a MERA, ndipo mmisiri wodziwa ntchito sakhulupirira mtundu wa waya. Tesita yake amayamba wayiyesa pa soketi yamoyo, kenako amazimitsa meni switchi n'kuyesanso waya uliwonse. Amazimitsa ngakhale magetsi atathima Chinyonga yense mpaka ku Kanjedza, pakuti a ESCOM akamawabwezeretsa sagogoda pakhomo. Akatha, amatulutsa tepi m'thumba n'kukulunga nsonga ya waya wobwerera ku babu asanatseke chivundikiro.