Kutsatsa malo osagulitsika: mbiri ya msika wa malo ku Msumba

Pali mawu amene afala masiku ano pakati pa achinyamata odziwa za mafoni ku Lichinga ndi ku Metangula kuno ku Mozambique. Akuti malo a m'mphepete mwa nyanja ndi chuma chogona, ndipo amene angatsegule tsamba la pa intaneti lotsatsira malo ndi nyumba za kuno adzadya ndalama za otsatsa malonda monga amadyera anzathu akunja. Akuti chithunzi chimodzi cha mchenga wa ku Chuanga chingakope maso a anthu zikwizikwi, ndipo kumene kwaunjikana maso, otsatsa malonda amalondola okha. Ine ndikukayika, ndipo chondikayikitsa ndi mbiri ya mmene malo a kuno akhala akulengezedwera kwa alendo.

Tiyambe taona kumene masamba akunjawo amapeza ndalama. Rightmove ya ku Britain, yomwe inayamba mu 2000, silipiritsa munthu wofunafuna nyumba. Olipira ndi maejenti, mwezi ndi mwezi, ndipo amawonjezera kena kuti nyumba zawo zizioneka pamwamba pa zinzake. Zillow ya ku America, ya mu 2006, imagulitsa kwa maejenti mwayi woonekera pambali pa nyumba imene munthu akuyang'ana. Ku South Africa kuli Property24, imene abale athu a ku Johannesburg amaidziwa. Ndalama zina za masambawa zimachokera kwa mabanki obwereketsa ngongole za nyumba, a inshuwalansi ndi omanga nyumba zogulitsa. Onsewa aima pa mwala umodzi: malo akhale ndi mwini wolembedwa m'kaundula, athe kugulitsidwa, athenso kukhala chikole ku banki. Kuno ku Msumba mwala umenewu kulibe.

Za kale kwambiri zolembedwa n'zochepa. Munthu ankapempha malo kwa mfumu, mboni zikumva, ndipo malire anali mtengo, mwala kapena khwawa. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA atayamba ntchito m'mbali mwa nyanja m'zaka za m'ma 1880, nthawi ya William Percival Johnson, nawonso anakhala pansi ndi mafumu kuti apeze pomanga, ndipo Msumba inakula kukhala mishoni yaikulu ya Anglican kutsidya lino la Likoma. Kutsatsa kwenikweni kunkachitikira kutali. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 mpaka 1929, dera lonse la Niassa ndi Cabo Delgado linali m'manja mwa Companhia do Niassa, ndipo masheya ake ankagulidwa ndi anthu a ku Ulaya amene sanaonepo mtsinje wa Lunho. Eni nthaka ankaidziwira kampaniyo pa msonkho wa nyumba.

Nkhondo ya ufulu itabuka mu 1964, mabanja ambiri a m'gombe muno anathawira ku Likoma ndi madera ena a Malawi komanso ku Tanzania. Ufulu unadza pa 25 June 1975, nthaka yonse n'kukhala ya boma, ndipo pa 3 February 1976 nyumba zochititsa lendi nazonso zinatengedwa ndi boma. Msika wa nyumba unathera pomwepo. Kenaka kunadza nkhondo yapachiweniweni, anthu n'kuthawanso. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, obwerera anazindikira malo awo poona mitengo ya mango imene anabzala makolo, manda, ndi umboni wa okalamba otsala.

Lamulo la malo la 1997 linalemekeza umboni woterewu, ndipo n'chifukwa chake limatamandidwa. Nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa, sikhala chikole. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, wotchedwa DUAT. Mudzi uli nawo ufuluwu mwa mwambo ngakhale popanda pepala, nzika imene yakhala pamalo mwachilungamo kwa zaka 10 ili nawonso, ndipo mawu a mboni amalandiridwa ngati umboni. Wofuna malo a bizinesi amapempha ku boma, amapatsidwa mpaka zaka 50, koma ayenera kuyamba wakumana ndi anthu a m'mudzimo, ndipo chidziwitso chimamatidwa ku ofesi ya boma kuti wodandaula adandaule. Chogulitsika ndi chimene munthu waikapo: nyumba, chitsime, mitengo. Kamzere ka malo koyandikana ndi madzi a nyanja n'kotetezedwa, ndipo kumeneko munthu satenga DUAT koma chilolezo chapadera. Komatu kamzere kameneka ndi kamene kamaoneka bwino pa chithunzi.

Mmene lamulo labwinoli limayendera likakumana ndi ndalama zambiri tinazionera kumtunda. Cha m'ma 2005 kunafika makampani a nkhalango, ena ndi ndalama zochokera kumpoto kwa Ulaya, kudzabzala paini ndi bulugamu m'maboma a Lichinga, Sanga ndi Lago, kuphatikizapo mbali za Maniamba. Kwa oika ndalama, Niassa inafotokozedwa ngati dera la nthaka yambiri ndi anthu ochepa, la malo ogona ndi oguga ofunika kuwaveka mitengo. Pa mapu zinkaoneka zoona ndithu. Koma mlimi wa kuno amalima munda zaka zingapo, n'kuusiya ugone kuti nthaka ibwerere mwakale, iye n'kukatsegula pena. Tsala limene mlendo ankaliona ngati thengo lopanda mwini linali munda wa mawa wa banja lina, komanso kotola nkhuni, kozula bowa, kofuna mankhwala.

Misonkhano yofunsa anthu inachitika, mapepala anasainidwa. Koma m'malo ambiri unali msonkhano umodzi wokha, olankhula ali atsogoleri ochepa, amayi olima mindayo ali chete kumbuyo, ndipo mahekitala otchulidwawo palibe anawayenda ndi mapazi kuti aone pothera. Anthu anamva za ntchito, sukulu ndi zitsime. Ntchito zinabweradi, koma zambiri zinali za nyengo yobzala, ndipo mbande zitakula maganyu anachepa, mthunzi wa bulugamu uli m'malire a chimanga. Mu 2010 kafukufuku wa boma anapeza kuti mitengo ina inabzalidwa pa malo opanda chilolezo chokwanira. Mu 2011 alimi ena a ku Sanga anazula mbande, ena mwa iwo n'kumangidwa, ndipo minda ina ya mitengo inapsa ndi moto. Oika ndalama nawo sanapeze phindu limene ankayembekeza. Cholakwika chachikulu, mmene ndikuonera, chinali changu cha onse ofuna kuti pepala lituluke msanga, komanso chizolowezi chofotokozera munthu wakutali za malo popanda kutchula amene akudyapo.

Chaka chomwecho cha 2011 mbali ya nyanja ya Mozambique inakhazikitsidwa kukhala malo otetezedwa, ndipo nkhani ya zokopa alendo inakula. Mu 2012 Movitel inayamba ntchito n'kufikitsa netiweki m'midzi imene kale munthu ankakwera chulu kuti aimbe foni. Mu 2015 boma linayambitsa pulogalamu ya Terra Segura yolemba ma DUAT ochuluka. Apa ndi pamene kutsatsa malo kunalowa m'thumba la munthu wamba.

Taonani chilengezo cha masiku ano pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp. Pamwamba alemba "Vende-se terreno", kutanthauza kuti malo akugulitsidwa, pansi pali chithunzi cha mchenga, bwato ndi mtengo wa mlambe, muyeso wa mamita, ndi nambala ya foni. Za DUAT sanena, kapena angoti mapepala akuyenda. Pofuna kuzemba lamulo, pepala la mgwirizano limati chagulitsidwa ndi maziko a nyumba kapena mitengo ya mango itatu, pamene mtengo wake aliyense akudziwa kuti ndi wa nthaka. Wotsatsayo nthawi zambiri ndi mphwake wa mwini malo amene ali m'tauni, ndipo azakhali amene amazika chinangwa pamalopo amamva nkhaniyi mlendo atafika kale ndi tepi yoyezera.

Ndiye ndani angalipire kuti dzina lake lioneke pambali pa chilengezo chotere? Banki singabwereketse ndalama pa nthaka yosakhala chikole. Maejenti olembetsedwa ali ku Maputo, ku Beira ndi ku Nampula, kumene kuli nyumba za mapepala. Ejenti wa kuno safuna tsamba lomufunsa umboni, ndipo akafuna kuti chithunzi chake chifike patali amalipira Facebook yomweyo, ndalama n'kutuluka m'dziko.

Pali kamsika kamodzi kamene ndikuona kuti kangadyetse mwini tsamba, ngakhale sikonona. Aphunzitsi, anamwino ndi apolisi amasamutsidwira ku Metangula chaka ndi chaka ndipo amafuna nyumba ya lendi asanafike. Malo ogona alendo a ku Chuanga ndi ku Cóbuè amafuna makasitomala. Ogulitsa simenti ndi malata ku Lichinga, oyeza malo ndi okumba zitsime angalipire pang'ono kuti adziwike kwa amene akumanga. Zonsezi n'zololedwa, ndipo ndalama zake zingabwere pa M-Pesa kapena e-Mola, mametikali ochepa pa chilengezo chilichonse. Tsamba lotere lingafunike munthu wa njinga yamoto wopita kukaona nyumba iliyonse ndi kufunsa kwa mfumu asanaike chithunzi, ndipo mafuta a njingayo ayenera kuchoka m'mametikali omwewo.