Za Bwinja la Miyala la ku Zimbabwe

Anthu a kwathu akanena kuti "bwinja" atanthauza malo amene panali mudzi, koma eni ace anasamuka. Pa bwinja la Acewa sipatsala zambiri: mapale a miphika, phulusa la padzala, mphero yosweka, ndi nsatsi zomera zokha, pakuti nyumba za mitengo ndi dothi ciswe sicicedwa kuzitha. Koma kumwera kwa Zambezi, pafupi ndi mzinda wa Masvingo, umene kale unachedwa Fort Victoria, kuli bwinja lina limene makoma ace ali ciimire kufikira lero. Abale athu ambiri anamka ku dziko lija kukagwira nchito m'migodi ndi m'minda, ndipo ana a sukulu amafunsa za dzina lace. Cifukwa cace tiyesa nkwabwino kuti aphunzitsi adziwe mbiri ya malowo, ndi umo mbiriyo inatsala pang'ono kulandidwa kwa eni ace.

Tiyambe ndi dzina. M'cinenero ca Ashona nyumba imodzi ndiyo "imba", zambiri ndizo "dzimba". Mwala ndiwo "ibwe", yambiri ndiyo "mabwe". Ndipo pamene ife tinena "za", iwo anena "dza". Potero "dzimba dza mabwe" ndiko kunena nyumba za miyala, ndipo ambiri abvomerezana kuti dzina la Zimbabwe licokera pamenepo. Ena ati licokera ku mau akuti "dzimba woye", ndiwo nyumba zolemekezeka. Mphunzitsi apenye kuti "imba" ndi "nyumba" ndi mau a muzu umodzi, pakuti cinenero cao ndi cathu nzapacibale.

Bwinjalo liri ndi zigawo zitatu. Coyamba ciri paphiri, ndipo tikafuna kukwerako tidzera njira yopapatiza pakati pa matanthwe, pamene anthu sakhoza kuyenda awiriawiri. Caciwiri ndilo linga lalikuru m'cigwa. Khoma lace polizungulira lifika mamita monga 250. Pena msinkhu wace ndiwo mamita 11, ndi kucindikira kwace mamita 5. Ndipo pamwamba pace anayala miyala mokhotakhota monga timaona pakhosi pa mbiya. M'katimo muli nsanja yonga nkhokwe, koma yopanda khomo kapena cipinda, miyala yokhayokha kufikira pakati. Cacitatu ndiwo makoma ang'ono obalalika m'cigwa comweco.

Amisiri aja sanaika dothi kapena njereza pakati pa miyala iai. Matanthwe a m'mapiri a kumeneko amasendeka okha ndi dzuwa ndi cisanu. Iwo anatenga zosendekazo, naziphwanya molingana monga njerwa, nazisanja mwaluso. Makomawo analibe denga. M'kati mwace munali nyumba zozungulira za dothi ndi udzu, zonga za makolo athu, ndipo miyala inachinga mabwalo a akuru ndi kuonetsa ulemu wao.

Mzindawo unamangidwa pakati pa zaka za 1100 ndi 1450. Cuma ca mafumu ace cinali ng'ombe, golidi ndi minyanga, ndipo malonda ao anatsikira kunyanja yamcere ku Sofala, napitirira ku Kilwa. Okumba anapezamo mikanda, zibenthu za mbale za ku China ndi ku Persia, ndi ndalama ya ku Kilwa. Anapezanso mbalame 8 zosemedwa pa mwala wofewa. Pofika zaka za 1450 mzinda unacepa mphamvu, ndipo anakula maufumu ena: wa ku Khami, pafupi ndi Bulawayo wa lero, ndi wa Mutapa kumpoto, cakufupi ndi Zambezi.

Tsono timve cimene cinacitika pofika Azungu. M'caka ca 1871 Mjeremani wina, dzina lace Karl Mauch, anaona makomawo, nazizwa. Anasema kacibenthu ka mtengo wa pakhomo, nakanunkhiza, nati fungo lace linga la pensulo yace. Potero anaganiza kuti ndiwo mkungudza wa ku Lebano, ndi kuti malowo anali a mfumu yaikazi ya ku Seba, ija inaceza kwa Solomo. Koma mtengowo unali wa m'dziko momwemo. M'caka ca 1891 Theodore Bent anakumbamo, nati omanga ace anali Afoinike kapena Aluya. Ndipo kuyambira 1902 Richard Hall, pofunafuna zizindikiro za alendo akale aja, anafukula dothi lambiri la m'linga nalitaya kunja pamodzi ndi mapale ace, poyesa kuti nzinyalala za anthu akuda. Sanadziwa kuti mboni zeni zeni ndizo zimene anali kutaya.

Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha. M'caka ca 1905 David Randall-MacIver anakumba mofatsa, napenya cimene cigona pamwamba ndi cimene cigona pansi, napeza kuti ziwiya za pansi pa makoma nza Aafrika. M'caka ca 1929 mai Gertrude Caton-Thompson anayesanso, napeza comweco. Koma boma la Rhodesia silinakondwera ndi mau amenewa, pakuti linkaphunzitsa kuti anthu akuda sanamanga kanthu Azungu asanafike. Ndipo Peter Garlake, woyang'anira mabwinja wa boma, amene anakana kubisa coonadi, anacoka m'dziko m'caka ca 1970. Pamene dziko linalandira ufulu m'caka ca 1980 linatenga dzina la bwinjalo, ndi mbalame ya mwala inaikidwa pa mbendera. M'caka ca 1986 bungwe la UNESCO linalemba malowo pakati pa cuma ca anthu onse.

Nanga ife tiphunzirapo ciani? Mabwinja a kwathu alibe makoma atali, koma ali nazo mboni zao. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene kunali mzinda wa Kalonga, Yusuf Juwayeyi anakumba napeza mikanda, mkuwa, minyanga ndi zibenthu za mbale za ku China. Ndimo tadziwa kuti Amaravi nawonso anacita malonda ndi a kunyanja yamcere. Munthu wofulumira akadalima pamenepo nataya mapale, umboniwo ukadatayika.

Cifukwa cace tipempha aphunzitsi kuti tsiku lina atenge ana a sukulu, namke nawo ku bwinja, kapena ku linga lakale, kapena ku ng'anjo ya osula iri pafupi ndi mudzi wao. Ayambe apempha kwa mfumu, natenge nkhalamba yodziwa malowo. Afunse dzina la bwinjalo ndi tanthauzo lace, pfuko la eni ace, kumene anacokera, ndi cimene cinawasamutsa; nalembe mau a nkhalambayo monga momwe anena, osawakonza. Ana asakumbe, asatole mapale, asagumule ng'anjo. Pakuti phale likacoka pamalo pace silinenanso kanthu. Zolembazo zisungike m'bokosi la sukulu, ndi dzina la wonena ndi tsiku lace, kuti mlendo akadzafunsa kuti anamanga pano ndani, ana athu adzakhale nalo yankho.