UNIMA ya Chaka Chiti?

Anzanga, masiku ano mabuku ambiri osunga mbiri ya anthu amangolemba kuti uje anaphunzira ku UNIMA, basi nkhani yatha. Olemba amati kudula dzina kumasunga malo papepala. Ine ndikuti chidule chotere chimasocheretsa, ndipo mbiri ya sukulu yathu ya ukachenjede ndiyo mboni.

University of Malawi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo ophunzira oyamba analowa m'chaka cha 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre. Chancellor College inasamukira ku Zomba m'chaka cha 1973. Pamene ife a msinkhu wanga tinkavala mikanjo ya digiri, dzina lakuti UNIMA linkatanthauza makoleji asanu: Chancellor, Polytechnic, Bunda, Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine imene inatsegulidwa m'chaka cha 1991. Mlangizi wa zaulimi, namwino ndi loya onse ankatchedwa a ku UNIMA ngakhale mwina sanaonanepo n'kamodzi komwe.

Kenaka banja lija linagawana katundu. Bunda inachoka n'kukhala LUANAR m'chaka cha 2012. M'chaka cha 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, makoleji awiri a zaumoyo anaphatikizana n'kukhala KUHeS, ndipo dzina la University of Malawi linatsala ndi Chancellor yokha. Choncho zilembo zisanu zomwezo zikunena chinthu china ngati munthu anamaliza mu 2004, ndi chinanso ngati anamaliza mu 2023. Mwana amene adzatsegule buku zaka makumi atatu zikudzazi akadzaona kuti injiniya wina anaphunzira ku UNIMA, adzaganiza kuti ankakhala ku Zomba, chonsecho mkuluyo ankakwera minibasi pa Ginnery Corner.

Nanga kunja kwa dziko lino? Ife tikamva MUST timaganiza za sukulu ya ku Thyolo imene inalandira ophunzira oyamba mu 2014. Koma ku Uganda kuli Mbarara University of Science and Technology kuyambira 1989, ku Tanzania kuli ya Mbeya, ku Kenya kuli ya Meru, ndipo zonsezi zimadzitcha MUST. Buku likadutsa pa Songwe, wowerenga adziwa bwanji?

Sindikukana, mayina enawa ndi aatali motopetsa. Amene analembapo Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources kakhumi m'kalata imodzi ya boma akudziwa zimene ndikunena. Pocheza, kapena polemba kachiwiri pa tsamba lomwelo, chidule chilibe vuto. Koma potchula koyamba m'buku limene anthu adzafufuzemo zoona, dzina lilembedwe lonse monga linalili pa nthawiyo, pamodzi ndi koleji ndi chaka chake.

Ndipo pali ena ayamba kale kukonza mbiri zawo, kufufuta Polytechnic n'kulembapo MUBAS kuti zioneke zamakono. Amenewo akaone kaye satifiketi yawo ya 2004, aone ngati MUBAS ilipo.