Kuthamanga Monga Chizolowezi: Kuyamba Kwake ndi Kupitiriza Kwake

Tili kumudzi, ambiri a ife sitinkaganizako za masewera olimbitsa thupi chifukwa moyo wa tsiku ndi tsiku unkatilimbitsa wokha. Tinkayenda wapansi popita kusukulu, kuchigayo, kumsika ndi kumunda. Kuno kunja zinthu zinatembenuka. Tikatuluka m'nyumba timakwera basi, sitima kapena galimoto, ntchito zambiri ndi zamashifiti, ndipo ana athu amakhalitsa pa foni. Kuthamanga ndi njira yosalira ndalama zambiri yobwezeretsera mphamvu m'thupi. Koma ambiri timayamba ndi moto mu Januwale, pofika Febuluwale nsapato zili pansi pa bedi. Nthawi zambiri cholakwika si ulesi ayi, koma kuyamba ndi liwiro lalikulu komanso kuthamanga tokha.

Thupi limafuna zochuluka bwanji?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi apakatikati, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Akakhala masewera amphamvu monga kuthamanga, mphindi 75 mpaka 150 n'zokwanira. Ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika pafupifupi mphindi 60 tsiku lililonse.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ife. Ku Britain, a zaumoyo a NHS amachenjeza kuti anthu akuda ochokera ku Africa amakhala pachiopsezo cha matenda a shuga a mtundu wachiwiri kuyambira zaka 25, pomwe kwa azungu chiopsezocho chimakwera akadutsa zaka 40. Kulimbitsa thupi kumathandiza kuchepetsa shuga m'magazi, kutsitsa BP, kugona bwino ndi kupeputsa nkhawa.

Liwiro loyenera

Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Woyamba kumene ayenera kuthamanga pang'onopang'ono moti angathe kucheza ndi mnzake osadukiza mawu. Tikaona kuti tikupuma wefuwefu mpaka kulephera kumaliza chiganizo, ndiye kuti tapyola muyezo. Tichepetse liwiro kapena tiyende kaye. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, koma mafupa, mawondo ndi akakolo zimatenga nthawi yaitali. N'chifukwa chake amene amadzikakamiza m'masabata oyambirira amavulala n'kusiyiratu.

Ndondomeko ya masabata 9

Ndondomeko yodziwika bwino ya oyamba kumene imatchedwa Couch to 5K. Anaikonza ndi Josh Clark mu 1996, ndipo a NHS ali ndi pulogalamu yake yaulere ya pa foni. Munthu amathamanga katatu pa sabata, n'kumapumula tsiku limodzi pakati. Sabata yoyamba amayamba ndi kuyenda ndawala mphindi 5, kenako amathamanga masekondi 60 n'kuyenda masekondi 90, mobwerezabwereza, kwa mphindi pafupifupi 20. Nthawi yothamanga imawonjezeka sabata ndi sabata mpaka kufika mphindi 30 osaima m'sabata ya chisanu ndi chinayi. Sabata ina ikativuta tingathe kuibwereza. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kuthamanga ndi anzathu

Chizolowezi chimakhazikika chikakhala ndi tsiku lake, malo ake ndi anthu otidikirira. Chitsanzo chabwino ndi parkrun, yomwe inayamba mu 2004 ku Bushy Park ku London pamene Paul Sinton-Hewitt anasonkhanitsa othamanga 13 okha. Masiku ano imachitika Loweruka lililonse m'mawa m'mapaki a m'maiko ambiri, kuphatikizapo Britain, South Africa ndi United States. Mtunda wake ndi makilomita 5, ndipo salipiritsa. Munthu amalembetsa kamodzi pa intaneti n'kulandira barcode yomwe amaonetsa akamaliza kuti nthawi yake ilembedwe. Kuyenda wapansi n'kololedwa, ndipo kumbuyo kwenikweni kumakhala munthu wodzipereka amene ntchito yake ndi kumaliza pambuyo pa aliyense.

Ku South Africa parkrun inayamba mu 2011 ku Delta Park ku Johannesburg, motsogozedwa ndi Bruce Fordyce, katswiri amene anapambana kasanu ndi kanayi mpikisano wa Comrades, wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg.

Komwe kulibe parkrun, anthu atatu kapena anayi a mumpingo kapena a pa gulu la WhatsApp akhoza kupangana ola ndi malo okumanira. N'kovuta kukoka bulangete podziwa kuti anzathu akuzizidwa pageti.

Ana

Mwana amakonda kuthamanga akakuona ngati masewera. Tisamagwiritse ntchito kuthamanga ngati chilango, ndipo tisamuyerekeze ndi m'bale wake. Ku Britain kuli junior parkrun ya makilomita 2, ya ana a zaka 4 mpaka 14, yomwe imachitika Lamulungu m'mawa. Mabanja amene amapemphera nthawi imeneyo angapite ku parkrun ya Loweruka, komwe mwana wosakwana zaka 11 amayenera kukhala pambali pa kholo kapena womuyang'anira njira yonse. Pamenepo liwiro ndi la mwana, osati la bambo kapena mayi.

Nsapato, zovala ndi nyengo

Chofunika kwambiri ndi nsapato zothamangira zotikwana bwino, zokhala ndi kampata kutsogolo kwa zala. Siziyenera kukhala zodula. Amayi amapeza mtendere akavala bra yamasewera. M'nyengo yozizira ku Britain kunja kumada cha m'ma 4 koloko madzulo, choncho tizivala zovala zowala mumdima ndi zopepuka zingapo zosanjikiza. Ku Johannesburg, mzinda womwe uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pamlingo wa nyanja, mlendo amatha mpweya msanga masiku oyamba. Kukatentha tizithamanga m'mamawa, tizimwa madzi okwanira, ndipo tizisankha njira zomwe mumadutsa anthu ambiri.

Ululu wabwinobwino ndi ululu woopsa

Kuphwanya kwa minofu patapita tsiku limodzi kapena awiri n'kwachibadwa ndipo kumatha kokha. Koma ululu wobaya pabondo kapena pamsongolo, umene ukukulirakulira tikamathamanga, ukutiuza kuti tipumule. Kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kukomoka n'zofunika kuthamangira nazo kuchipatala. Amene ali ndi matenda a mtima, shuga, BP kapena mphumu, komanso amayi oyembekezera, ayambe aonana ndi dokotala.

Tikadumphitsa masiku

Mashifiti, chimfine, maliro ndi ulendo wa kumudzi zidzatisokoneza ndithu. Zikatero tisayese kubweza masiku onse amene tinadumphitsa. Tibwerere m'mbuyo sabata imodzi kapena ziwiri pa ndondomeko ija n'kuyambira pamenepo. Tsiku limene thupi likukana, tingodziuza kuti tituluka kwa mphindi 10 zokha. Tikatero nsapato sizibwereranso pansi pa bedi.