Mpweya woseketsa: mbiri ya mankhwala omwe anabisa kuopsa kwake

Mpweya wa nitrous oxide unatulukiridwa ndi Joseph Priestley ku England mu 1772. Mu 1799, Humphry Davy anayamba kuupuma ku Bristol ndipo anaona kuti umaseketsa komanso umaziziritsa ululu. Posakhalitsa unasanduka chosangalatsa pa maphwando ndi pa zionetsero. Mu 1844, dokotala wa mano Horace Wells wa ku Hartford, ku America, ataonera chionetsero chotere, anazulitsa dzino lake ataupuma. Umu ndi momwe mpweyawu unalowera m'chipatala.

Popeza mphamvu yake imatha m'mphindi zochepa, kwa zaka zoposa 100 madokotala ankauona ngati wosavulaza. Chenjezo loyamba lomveka linachokera ku Copenhagen mu 1956, pamene odwala kafumbata amene anaupuma masiku angapo anapezeka kuti mafuta a m'mafupa awo asiya kupanga bwino magazi. Mu 1978, dokotala Robert Layzer analemba mu magazini ya The Lancet za anthu 15, pafupifupi onse madokotala a mano, amene minyewa yawo ya mu msana inaonongeka ataupuma kwa nthawi yaitali.

Lero chifukwa chake chikudziwika. Mpweyawu umalepheretsa vitamini B12 kugwira ntchito, ndipo chikuta chomwe chimateteza minyewa chimayamba kuonongeka. Wodwala amamva dzanzi m'mapazi ndi m'manja, amadzandira poyenda, miyendo imafooka, ndipo ena amavutika kukodza.

Vutoli lakula pakati pa achinyamata a ku Ulaya omwe amaupuma m'mabaluni. Dziko la Netherlands linaletsa kuugwiritsa ntchito mwachisangalalo mu Januwale 2023, ndipo Britain anatsatira mu Novembala chaka chomwecho.

Phunziro kwa ife ogwira ntchito zaumoyo ndi lakuti matendawa amabisala kwa amene safunsa. Dzanzi timafulumira kuliloza ku shuga, mowa kapena mankhwala a TB. Mukakumana ndi wachinyamata amene akudzandira popanda chifukwa chodziwika, mufunseni mwaulemu ndi mwachinsinsi ngati amapuma mpweyawu. Kumbukirani kuti mlingo wa B12 m'magazi ukhoza kuoneka wabwino vitaminiyo asakugwira ntchito. Wodwalayo asiyiretu mpweyawu ndipo mumutumize msanga kwa dokotala kuti akayambe jakisoni wa B12. Akachedwa, kulumala kukhoza kukhala kwa moyo wonse.